Mayi Immaculata ndi Mafilimu Opanda Ankhoswe

Mayi Immaculata ndinayamba kuwamva mawu ndisanawaone nkhope. Munali mu 1997, tili chifikireni ku Nairobi. Amuna anga a Reinford anali atapeza mwayi wa sukulu ya zaubusa, ndiye tinkakhala ku Buruburu, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Iwo ankalawirira kukakwera matatu, timinibasi ta kumeneko, ine n'kutsala ndi Emmie, amene nthawi imeneyo anali akuyamwa. Chiswahili sindinkachidziwa. Chizungu changa ndi cha Sitandade 6, chongoperekera moni. Kumsika ndinkangoloza ndi chala, masamba a sukuma awa, tomato uyo, basi. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lina masana ndikuchokera kogula makala ndinamva mzimayi akukuwa m'kibanda china, kashopu ka malata obiriwira: "Iwe, usatsegule chitsekocho! Ayambe wanena kumene anagona!"

Ndinaima chilili, makala ali pamutu. Chichewa chenicheni, cha kwathu. Nditasuzumira ndinaona kuti munalibe ndewu iliyonse. Munali mayi mmodzi yekha wa duku lofiirira, atakhala pa kabenchi, akukalipira tivi. Mu tivimo munali mzungu wamkazi ataima pakhomo, zithunzi zake zakuda ndi zoyera, zakalekale zija.

"Odi," ndinatero motsitsa.

Anatembenuka msangamsanga. "Mwati odi? Lowani, mwana wanga, lowani! Tulani makalawo. Kwanu n'kuti?"

"Ku Balaka."

"Ee, Balaka ndi Ntcheu si khomo limodzi? Khalani apa. Mwanayo mumasuleni, wapsa ndi dzuwa. Taonani chitsiru ichi, chatseguladi."

Ndinakhala mpaka filimu inatha. Kuyambira tsiku limenelo ndikangotsuka mbale ndinkabereka mwana, ulendo wa kukibanda. Sipanatenge nthawi anasiya kunditchula kuti inu, ndinasanduka "iwe make Emmie". Anthu a m'deralo ankawatchula kuti Mama Video. Ine ndinkangoti amayi.

Mbiri yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, nthawi zambiri filimu ili mkati, maso awo ali pa tivi.

Anabadwira cha ku Tsangano, mfunda wawo ndi Nangozo. Anakwatiwa ndi a Dunstan Chikaonda, dalaivala wa malole, ukwati wa kutchalitchi. Nkhoswe wawo anali malume awo a Francis, ndipo kuchimuna anali akulu awo a a Dunstan. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, othawa kwawo atadzaza m'malire, a Dunstan analembedwa ntchito ndi bungwe lina lonyamula chimanga. Anagwira bwino, mwakuti bungwelo linawatumiza ku Kenya kuti azikanyamula zakudya ku Lokichoggio, kumpoto kwenikweni, kumene ndege zinkanyamukira kupita ku Sudan. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lily, anamusiya kumudzi ndi achemwali awo chifukwa cha sukulu. Mayi Immaculata anatsatira amuna awo mu 1991, n'kupeza nyumba ku Buruburu.

Poyamba a Dunstan ankabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse, fumbi lili m'makutu momwe. Kenako ankadumphitsa mwezi. Kenako inangokhala Khirisimasi yokha. Amene anaulula anali dalaivala mnzawo, ataledzera paphwando la Amalawi: ku Kitale, panjira yopita ku Loki, kuli mkazi wina, ndipo kuli kale mwana.

Ndinawafunsapo kamodzi, mwamantha, kuti bwanji sanangobwerera kumudzi.

"Ndikakwera basi ndekha ndiye kuti banja ndathetsa ndine," anatero. "Banja langa linamangidwa anthu atakhala pansi. Kaya likonzedwa, kaya litha, anthu akhalenso pansi. Ine sindinatoledwe pamsewu."

Vuto linali lakuti anthu okhala pansiwo anali kutali. A Francis anali okalamba, pasipoti analibe. Uthenga umene anabweza unali woti mubwere nonse awiri. A Dunstan anangoti ntchito yachuluka, tidzaona. Ndiye mayi Immaculata anatsala pakati, osati pabanja, osati mbeta. Nyumba yaikulu ija anaisiya, analowa m'chipinda chimodzi, koma ku Buruburu sanachokeko. Ankati munthu akadzabwera asadzavutike kufunsa njira.

Chimene a Dunstan anasiya chinali tivi ndi deki ya vidiyo. Geni inayambira pamenepo. Azungu a m'mabungwe akamabwerera kwawo ankagulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo mayi Immaculata ankakwera matatu awiri mpaka ku Kilimani kukagula makaseti, katoni yonse osasankha. A karate ndi a mfuti ankabwerekedwa tsiku lomwelo, ndiwo ankawadyetsa. Otsala anali akalekale aja, oyankhula kwambiri, opanda womenya mnzake. Amenewo palibe ankawafuna, ndiye ankaonera okha masana kukakhala zii. Chizungu chawo chambiri anaphunzirira momwemo. Ndipo anadabwa kuona kuti ambiri mwa mafilimu amenewo nkhani yake ndi imodzi: wina m'banja wayenda njira.

Anali ndi kasanjidwe kawokawo. Shelefu ya m'mwamba inali ya mafilimu amene mwamuna amabwerera. Yapakati inali ya amene sabwerera. Yapansi, pafupi ndi tsache, inali ya amene wolakwa ndi mkazi, ndipo kawirikawiri mkaziyo amafa filimu isanathe.

"Waona?" ankatero. "Mwamuna akalakwa amangonyowa ndi mvula pang'ono n'kuvula chipewa. Mkazi akalakwa amupezera matenda, apo ayi galimoto. Azungu nawonso ndi achimwene athu ndithu."

Ankandimasulira m'Chichewa, koma kumasulira kwake kunali kophatikiza ndi uphungu. Mzungu akangonena mawu awiri, iwo ankanena khumi. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali chimodzi. Mwamuna ndi mkazi akangana m'chipinda chachikulu, mbale zikusweka, wina watenga sutikesi, ndipo palibe amene wabwera.

"Ankhoswe ali kuti? Anthu awa alibe amalume? Nyumba yonseyi, mipando yonseyi, osapezeka munthu mmodzi woti khalani pansi timve? N'chifukwa chake amangosuta fodya n'kumayang'ana pawindo."

Ankaseka akamanena zimenezi. Koma ine ndinkaona kuti akamaliza kuseka ankayang'ana kumsewu, kumene matatu amatsitsira anthu.

Ndisaname, mafilimu amenewo anandilowa. Tsiku lina a Reinford anandipeza ndikununkhiza kolala ya shati yawo. Anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunditchula dzina langa. "Tionenji, fungo limenelo ndi la matatu. Ukapitiriza kupita kwa Mama Video udzandisumira kwa bishopu chifukwa cha kondakitala."

Panali kasitomala mmodzi yekha wa mafilimu akale aja. Anali a Arthur Msosa, Mmalawi wa ku Zomba, wogwira ntchito mu ofesi ya bungwe lina lalikulu. Ankakhala ku Kilimani, m'nyumba zosanjikizana zija, koma Loweruka ankapirira mzere wa magalimoto mpaka ku Buruburu. Ankati mafilimu a mayi Immaculata sapezeka kwina. Ine ndikuganiza kuti ankabwereranso Chichewa ndi zitumbuwa zimene amayiwo ankakazinga. Anali ndi buku lonenepa ngati Baibulo la paguwa, momwe munali maganizo a akatswiri olemba za mafilimu m'nyuzipepala za kunja. Filimu iliyonse ankaipatsa nyenyezi. Yabwino kwambiri zinayi, yachabechabe imodzi. Mayi Immaculata anthu amenewo ankawatchula kuti oweruza.

Filimu imene ankaikonda kuposa zonse inali ya bambo wina wokonza mawotchi m'katauni kozizira. Bamboyo amathawa ndi mtsikana woimba m'hotela. Mkazi wake amatsala ndi shopu, ndipo m'mawa uliwonse amapukusa mawotchi onse kuti asaime, chonsecho kukonza sadziwa. Kumapeto bamboyo amabwera ataonda, waima pakhomo osalankhula, ndipo mkazi amangomulandira chipewa n'kuchikoleka pamsomali. Kaseti imeneyo inali itatha, chithunzi chinkanjenjemera, koma ankaipukuta ndi sipiriti ngati bala la mwana.

Loweruka lina anawauza a Arthur kuti atsegule buku lawo. "Tamvetseni oweruza anu anati chiyani za iyi."

A Arthur anafufuza, anawerenga chamumtima, n'kukanda m'mutu. "Amayi, tiyeni tingodya zitumbuwa."

"Werengani, achimwene. Ndine wamkulu."

"Aipatsa nyenyezi imodzi. Akuti ndi filimu yongofinya misozi ya azimayi. Akuti mkazi wodikira chonchi kulibe padziko, ndipo mathero ake ndi abodza, anangowaika kuti anthu atuluke mu holo akumwetulira."

"Kulibe padziko?"

"Atero iwowo, si ine."

"Nanga ija ya mkazi wa dokotala wa mano? Ija mwamuna amalowa m'galimoto osatembenuka, mkazi n'kutsala akuzimitsa magetsi m'nyumba monse?"

A Arthur anatsegula pena. "Zinayi. Akuti imanena zoona, siinyengerera munthu. Koma akuti itangotuluka anthu anaikana, ena mpaka analemba kuti ikuononga mabanja. Anayamba kuitama patapita zaka."

"Ndiye kuti oweruza anuwo amakonda maliro. Munthu akabwerera kwawo, imodzi. Akasowa, zinayi. Mukawafunse ngati anayamba adikirapo munthu."

A Arthur anatseka buku pang'onopang'ono. "Mwina anadikirapo, amayi. Mwina n'chifukwa chake analemba chonchi."

Mayi Immaculata anatenga mbale ya zitumbuwa n'kuivundikira, chonsecho a Arthur anali asanamalize kudya. Loweruka lotsatira anakangananso za filimu ina ngati palibe chinachitika. Anakangana choncho zaka ndi zaka, ndipo palibe amene anagonja.

A Francis anamwalira mu 1999. Uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Tsiku limenelo tivi sanayatse. Anangoti, "Malume apita ndi mlandu wanga m'manja." Ndinaganiza kuti tsopano anyamuka. Sananyamuke.

Chaka chotsatira magetsi ankazimazima chifukwa cha chilala. Tinkakhala m'kibanda muja tivi ili chete, iwo akubweza makaseti ndi chogwirira cha supuni, uku akundifotokozera mafilimu pamtima. Nthawi zina pakati pa nkhani ankasochera. Wayamba ndi mzungu wa chipewa, wathera pa a Dunstan akuwaphunzitsa kuyendetsa lole pabwalo la mpira ku Ntcheu, iwo akukuwa, ana asukulu akuthawa. Ankati a Dunstan ankaimba mluzu akamameta ndevu. Ankati palibe munthu wosenda mbatata mwaulesi ngati iwo. Lily anakwatiwa ku Lilongwe, amayi anapita okha ku ukwati, ndipo patangotha masabata ochepa anabwerera ku Buruburu. Achibale anawakakamiza kuti atsale. Anakana.

A Reinford atamaliza sukulu anawapatsa ntchito pampingo wina konkuno, ndiye ifenso tinakhalitsa. Ndinabereka Mthunzi. Chiswahili ndinachidziwa. Koma geni ya amayi inayamba kufa. Kunabwera timadisiki tonyezimira togulitsidwa m'misewu ya m'tauni, kunabweranso mafilimu a ku Nigeria, ndipo madeki anthu anawaponya pansi pa bedi. Amayi anayamba kugulitsa zitumbuwa ndi mazira owiritsa pawindo la kibanda. Makaseti anangokhala m'mashelefu, akuchita nkhungu.

A Dunstan anabwera mu 2005, masana a tsiku wamba. Ku Sudan nkhondo inali italekeka ndipo ntchito ya ku Loki inkatha. Ine ndinali m'kibanda ndikusenda mazira. Ndinangoona bambo wamtali, wa imvi, jekete lalikulu kuposa thupi, ataima pawindo. Sanagule kanthu. Amayi anali atatembenukira ku chiwaya. Ndinaona msana wawo ukuuma asanacheuke n'komwe.

"Nangozo," anatero bamboyo. "Ndine."

Amayi anatembenuza chitumbuwa chimodzi, kenako china.

"Make Emmie, uwauze alendowa kuti pano ndi pamalonda, si pokambira nkhani."

Bamboyo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mazira.

"Nangozo, ndachokera kutali."

"Ndakuonani. Mubwere Loweruka ndi nkhoswe wanu."

"Nkhoswe? Ku Nairobi kuno nkhoswe ndimupeza kuti ine?"

"Mkazi munamupeza bwanji?"

Anaima pang'ono, kenako anapita. Atangokhota, amayi anakhala pansi pa simenti penipeni. Zitumbuwa zinapserera. Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo kuti ndimve mmene mtima unkagundira. "Waona mmene aondera? Sakudya bwino. Mkazi ameneyo saphika."

Ankhoswe anachita kubwereka. Amayi anapempha a Arthur. Iwo anayamba akana, amvekere nkhoswe amakhala wachibale, wodziwa kumene munthu anachokera, ine ndine wa ku Zomba, ndikadziwa chiyani za kwa Nangozo?

"Mwadya zitumbuwa zanga zaka zingati?" anafunsa amayi. "Amene akundidziwa kuposa inu kuno ndani? Kapena mukufuna ndikabwereke Mkikuyu?"

A Dunstan analibe aliyense, ndiye a Reinford anavomera kukhala mbali yawo, ngakhale anali atangowaona kamodzi. Ine anandiuza kuti ndikhale pambali pa amayi, poti mzimayi sakhala yekha pamlandu.

Tinakumana kwathu, Loweruka masana, ana titawatumiza kwa aneba. Amayi anavala chitenje chatsopano. A Dunstan anafika ndi jumbo ya m'sitolo yaikulu, n'kuipereka kwa a Reinford, a Reinford kwa a Arthur. A Arthur atatsegula anapeza nkhuku yosendasenda, youma gwa ndi ayezi, mtengo uli pomwepo.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa amayi, akuyang'ana a Arthur.

"Akuti ndi nkhuku yopepesera."

"Muwafunse ngati kwawo nkhuku yopepesera imabwera itavula. Ine ndikufuna yolira. Imve nawo."

A Arthur anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa ankagwedera. "A Chikaonda, apa ndiye sindingakuthandizeni. Msika uli pafupi."

A Dunstan anadzuka osatsutsa. Tinawaona pawindo akubwerera, tambala wofiira ali kukhwapa, akupalapata, ana a m'mudzimo akuwatsatira n'kumaseka. Munthu wa imvi zake. Amayi anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

Tambala atamumanga mwendo kumpando, a Arthur anati, "Mayi, bwalo ndi lanu."

Ndinkayembekeza kuti akuwa ngati mmene ankakalipira tivi. Ayi. Analankhula motsitsa, maso ali pa a Arthur, ngati a Dunstan palibe. Anayambira tsiku limene anatsika basi ku Nairobi atanyamula ufa wa kumudzi. Ananena za Khirisimasi imene anaphika mpunga wa anthu awiri n'kudya okha mpaka unasasa. Ananena mmene ankanamizira azimayi a kutchalitchi kuti bambo ali kuntchito, mpaka azimayiwo anasiya kufunsa, ndipo kusiya kufunsako n'kumene kunawapweteka koposa. Ananena za malungo amene anadwala, wowapatsa madzi n'kukhala mwana wa aneba. Ananena za Lily, amene pa ukwati wake anaperekezedwa ndi amuna a achemwali awo, anthu akunong'onezana. Ananena za a Francis. Analankhula mpaka mthunzi wa nyumba unafika pampanda, ndipo palibe anawadula. Ngakhale tambala anangokhala.

Atamaliza anapuma kwambiri, n'kunena kuti, "Ndatha. Zinali zimenezi."

A Reinford anatembenukira kwa a Dunstan. Iwo anali atagwira chipewa ndi manja awiri.

"Palibe chimene anama," anatero. "Ndinalakwa ndine. Ndinkati ndibwera mwezi wamawa, ndikonze kaye izi. Manyazi anakula kuposa msewu. Tsopano ntchito yatha, za ku Kitale nazonso zatha. Ndikufuna kupita kumudzi. Koma sindingakalowe m'mudzi ndekha ngati wakuba. Ngati a Nangozo angandilole, tipitire limodzi."

"Mwamva, mayi," anatero a Arthur. "Mukhoza kukaganiza kaye. Palibe akukuthamangitsani."

"Ndaganiza zaka zonsezi, achimwene. Nkhukuyo ndalandira."

Anagwirizana kuti adzanyamuka kumapeto kwa mwezi, pa basi yodzera ku Tanzania, kukalowera ku Songwe. Koma a Dunstan anati ayenera kubwerera kaye ku Kitale. Kunali ana awiri, anafuna akawatsanzike bwinobwino ndi kutenga katundu wawo. Adzatipeza pokwerera basi.

A Arthur sizinawasangalatse. "Bwanji a Reinford akuperekezeni? Nkhoswe ntchito yake ndi imeneyo."

"Musavutike, abusa ali ndi ntchito. Ndi ulendo waufupi," anatero a Dunstan.

A Arthur anayang'ana amayi. Amayi anati, "Ana sanalakwe. Apite akatsanzike."

Masabata amenewo mayi Immaculata anasanduka mtsikana. Anadetsa tsitsi. Anasoketsa madiresi awiri, ndi shati ya a Dunstan ya nsalu yofanana ndi imodzi mwa madiresiwo, kukula kwake akungoyerekeza ndi maso. Kibanda anachisiyira mayi wina wogulitsa masamba. Makaseti a karate anagawira ana, akale aja a Arthur anadzaza nawo galimoto. Anandiphunzitsa kakazingidwe kawo ka zitumbuwa, amvekere nthochi zizikhala zakupsa mpaka kuda, usamaumire. Tsiku lililonse ankandiuza za nyumba imene akamange ku Tsangano, khonde liyang'ane kumsewu, kuseri adzale mbatata ya kachewere. Ine ndinkasangalala nawo, koma ndikabwerera kunyumba ndinkangokhala pakhomo. Ndinali ndisanaganizepo za Buruburu wopanda iwo.

Tsiku la ulendo tinafika pokwerera basi ku River Road m'mawa, dzuwa litangotuluka. Tinalipo ine, a Reinford ndi a Arthur. Matikiti anali awiri, amayi anagula okha, mipando yoyandikana, wa pawindo ndi wa pambali pake. Katundu anakwezedwa. Anthu ankalowa. Ogulitsa mabisiketi ndi madzi ankazungulira basi. Amayi anaima pakhomo la basi atavala diresi yatsopano ija, shati ya a Dunstan ili m'jumbo, yosita.

A Arthur anaimba foni ya a Dunstan. Inali yozimitsa. Anaimbanso, chimodzimodzi. A Reinford anayenda mpaka kumene mabasi a ku Kitale amaimira, anabwerera okha, akupukuta thukuta.

"Mwina basi yawo yafa panjira," anatero a Reinford. "Msewu umene uja ndi woipa."

"Mwina," anatero amayi.

Dalaivala analiza injini. A Arthur anayandikira, analankhula motsitsa. "Amayi, katundu tikhoza kutsitsa. Kwathu chipinda chilipo. Mudikire masiku angapo, ine ndipita ndekha ku Kitale ndikaone."

Amayi anayang'ana msewu wonse, mbali iyi ndi iyo. Anthu anali pikitipikiti, a mabokosi pamutu, a ngolo, a masuti. Kenako anapukusa mutu.

"Ayi, achimwene. Kale ndikanapita ndikanakhala wothawa. Lero anthu anakhala pansi, anamva, ndipo mwini wake anavomera ndi pakamwa pake kuti tikupita kumudzi. Ine ndikupita kumene tinagwirizana. Wachedwa ndi iyeyo."

Anandikumbatira, fungo la mafuta atsopano a tsitsi lili thoo. Anakwera, anakhala pawindo, jumbo ya shati anaiika pampando winawo. Kondakitala anabwera, mnyamata wa changu, akuti Mama, mzee wako ali kuti, kunena amuna awo, pali munthu akufuna mpandowu. Ndinawamva akumuyankha m'Chiswahili chawo chophotchoka chija kuti mpandowo ndi wolipira, asaugulitse mpaka ku Athi River, kunja kwa mzinda, mwina munthu akwerera kutsogolo. Mnyamatayo anakweza mapewa n'kupita.

Basi itayamba kuyenda anatsegula windo n'kundikodola. Ndinathamanga pambali pake.

"Make Emmie, ukawaona usawakalipire. Ungowauza kuti ndatsogola. Njira akuidziwa, ndi dalaivala."

Basi inakhota pakona, inalowa m'chipwirikiti cha matatu. A Arthur anati atiperekeze pagalimoto, a Reinford anavomera. Ine ndinawapempha kuti tidikire kaye pang'ono, poti panali basi ina ya ku Kitale imene inali isanafike. Tinaima pomwepo mpaka inabwera, ndipo ndinayang'ana aliyense wotsika, mpaka womaliza.